Kanema Amene Tinajambula m'Chigafa cha Fodya

Ndinali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera cha ku Madisi pamene nyumba yoonetsera kanema inatsegulidwa kuseri kwa msika. Zinali zaka zoyambirira za matipate, masiku amene anthu anali atangoyamba kukamba za boma mokweza m'basi osayamba acheuka kaye. Nyumbayo inali ya zidina, mazenera atatsekedwa ndi matumba a feteleza. M'kati munali mabenchi, kutsogolo kuli bokosi loonetsa zithunzi pa tebulo, panja jenereta ikulira ngati chigayo. Dziko lathu linali lisanakhale ndi wailesi ya kanema yakeyake, choncho ambiri a ife aka kanali koyamba kuona anthu akuthamanga ndi kumenyana m'bokosi.

Mafilimu ake anali a zibakera, mfuti ndi magalimoto ogubuduka. Chingerezi chake chinkatilaka, koma sitinkadandaula. Nkhani tinkaipeka tokha, ndipo Lolemba m'kalasi tinkatsutsana ngati wakufa uja anali mchimwene wake wa mwini filimu kapena mdani wake. Anyamata anayamba kuponyerana mateche nthawi yopuma. Wina buluku linamung'ambikira pakati penipeni, natha tsiku lonse atamanga juzi m'chiuno.

Aphunzitsi athu a Chingerezi anali mayi a ku Ntchisi, afupi, oyankhula mofatsa, ndipo ndiwo ankayang'anira gulu lathu la zisudzo. Tsiku la buluku lija anatiuza kuti a zisudzo titsale anzathu akamaweruka.

"Kodi ana inu," anatero, "muzingoonera za eni mpaka liti? Bwanji osapanga kanema wanu?"

Tinaseka, poganiza kuti akutinyogodola. Koma iwo sanaseke. Anati anali ndi mlongo wawo amene anathawira kunja masiku a chipani chimodzi, nabwerako zinthu zitasintha. Anabwera ndi kamera ya vidiyo, ndipo ankajambula maukwati ku Lilongwe. Sabata yachitatu kuchokera tsiku limenelo anali kudzajambula ukwati ku Madisi komweko, Loweruka. Anali atavomera kufika Lachisanu kuti atibwereke kamerayo masana amodzi.

Panali zovuta zake. Anatipatsa tepi imodzi yakale, yomwe koyambirira kwake kunali ukwati wa anthu ena, ndi batire imodzi yokha, chifukwa inayo ankasungira ntchito yawo ya Loweruka. Makina odulira ndi kulumikizira zithunzi kunalibe. Chilichonse chinayenera kujambulidwa motsatana mmene chidzaonekere, ngakhale phokoso ndi ng'oma zinayenera kumveka pomwepo kamera ikujambula.

"Filimu yonse simungathe," anatero aphunzitsi. "Mupanga chiyambi chokha. Koma chikhale chiyambi choti munthu akachiona asafune kudzuka pa benchi."

Ambiri a gululo atamva kuti sipakhala mateche anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Tinatsala anayi. Panali ine, mnzanga wapamtima wa ku Chisepo amene ankatha kulira misozi yeniyeni pa sewero, mnyamata wamtali kwambiri wa ku Dzoole, ndi mnyamata wina wamakani amene ankaimba ng'oma kutchalitchi.

Sabata yathunthu tinakangana za nkhani. Wamtali uja ankafuna mfuti, mpaka anasema imodzi ya mtengo naipaka polishi wa nsapato. Aphunzitsi anaitembenuzatembenuza m'manja, naiyamikira kuti yasemedwa bwino, kenako anaiika m'dirowa.

"Mfuti anthu aziona kale, zokongola kuposa iyi," anatero. "Tandiuzani, inu chimakuopsani n'chiyani?"

Wang'oma anati njoka. Wamtali anati iye saopa kanthu, tonse tinamuseka. Mnzanga wa ku Chisepo anati, "Ine ndimaopa ndikamayenda ndekha m'njira ya m'chimanga, n'kumva ngati wina akundilondola. Ndikaima, nayenso waima."

Nkhani inapezeka pomwepo. Mtsikana akuyenda yekha m'njira ya m'munda, atasenza dengu. Pansi m'dengumo muli envelopu. Kumbuyo kwake kukubwera munthu, koma oonera akungoona nsapato zake zokha. Mtsikana akuthawira m'chigafa cha fodya, munthu uja akulowa, mtsikana akukuwa, basi. Wang'oma anafunsa kuti m'envelopumo muli chiyani. Tinayang'anana. Palibe ankadziwa. Tinagwirizana kuti zimenezo n'za gawo lachiwiri.

Chigafa tinachisankha chifukwa cha mdima. Zoopsa zimafuna mdima, koma ife makolo sakanatilola kuyenda dzuwa litalowa, ndiponso tinamva kuti kamerayo sinkaona bwino kukada. M'chigafa chodzaza fodya, ngakhale masana, mumakhala chimdima cha bii, kuwala kukungolowa m'mipata. Amalume ake a mnzanga anali akapitawo pa esiteti ina m'njira yopita ku Chisepo, ndipo anatilola.

Lachisanu lija tinaweruka msanga. Mlongo wa aphunzitsi anali bambo wandevu, wonenepa, wosekaseka, ndipo chikwama cha kamera ankachinyamula ngati khanda. Tonse tinkaganiza kuti ajambula okha. Anakana.

"Kanema ndi wanu. Koma kamera yanga sindipatsa munthu wa manja onjenjemera."

Anapempha kapu, naidzaza madzi mpaka m'milomo, n'kutiuza kuti aliyense ayende nayo kuchokera pa khomo la kalasi kukafika pa mtengo wa mango. Wamtali anataya theka. Wang'oma anataya pang'ono, nakana kuti sanataye, koma madontho ankaoneka pa fumbi. Ine ndinali nditakula ndikutsika ndi kukwera chitunda cha kwathu ndi ndowa pamutu, ndiye ndinafika pa mango osataya dontho. Bambo aja anandikoleka lamba wa kamera m'khosi. Inali yolemera ngati mwana wa mbuzi. Anandionetsa poika diso, ndi kabatani kofiira.

"Ukadina kamodzi yayamba, ukadinanso yaima. Usadine pokhapokha nditakuuza."

Tinayenda wapansi mpaka ku esiteti. Unali mwezi wothyola fodya, kumwamba kuli mitambo koma mvula inatichitira chifundo. Wamtali anavala chikhoti chachitali cha pa kaunjika, magalasi akuda, ndi nsapato zachikopa za amuna awo a aphunzitsi, zomwe zinkamuthina kotero kuti ankayenda motsimphina. Mnzanga anavala chitenje ndi mpango. Wang'oma ananyamula ng'oma yake ndi botolo la utomoni wa mlombwa, umene tinakonza kuti ukhale magazi. Dzina la filimu, Mapazi Akumbuyo, tinalilemba ndi makala pa katoni, maina athu ali m'munsi.

Katoni ndiye tinayamba kujambula. Mphepo inkaigwedeza, ndipo chala cha aphunzitsi chinalowa m'mphepete. Tinachisiya.

Kenako njira. Ndinkafuna kuti kamera iziyenda patsogolo pa mtsikanayo, koma kuyenda chafutambuyo m'mizere ya munda kunali kovuta. Mwini kamera anabwereka wilibala ya pa esiteti, tinayalamo thumba, ine n'kukhalamo ndi kamera pa phewa, iwo akukoka chobwerera. Tayala linkalira kwii, kwii, kwii. Wang'oma anati tifune mafuta. Mwini kamera anamvetsera kaye, nati, "Lisiyeni. Limenelo likuopsa kuposa ng'oma yako." Wang'oma anakwiya, ndipo kuyambira pamenepo ankaimenya ng'omayo mwamphamvu dala.

Nsapato ndinazijambula nditagona chafufumimba m'matope. Zinaoneka bwino zedi, ndipo kutsimphina kuja kunangokhala ngati tinachita kukonza. Tinabwereza kawiri kokha, chifukwa ulendo woyamba nkhuku ndi anapiye ake inadutsa pakati.

Tinafika pa chigafa. Ine ndinaima panja, pambali pa khomo, kuti ndijambule mnzanga akulowa chothamanga, wamtali akumutsatira, kenako kukuwa kumveke kuchokera m'kati. Aphunzitsi, mwini kamera ndi wang'oma anabisala kuseri kuti asaoneke. Chimene sitinkadziwa n'chakuti akapitawo aja anavomera ndithu, koma anaiwala kuuza matenanti, mabanja amene ankalima fodya pa esitetiyo. Pa chigafa china chakumtunda panali mayi wina amene ankasoka masamba a fodya. Ife sankationa. Ankangoona mtsikana akuthawa, ndi chimunthu chachitali cha magalasi akuda chikumulondola.

Mnzanga anakuwa. Ndanena kale kuti anali katswiri, koma tsiku limenelo anaposa. Kukuwa kwake kusanathe, kunamveka kwina kuchokera kumtunda.

"Mayo ine! Thandizeni! Akupha mwana kuno! Amuna inu, thamangani!"

Anthu anatuluka m'minda ngati ngumbi. Ena ndi makasu, ena ndi mipini, agalu patsogolo. Wamtali anasuzumira pa khomo la chigafa, naona khamu likutsika, ndipo m'malo mofotokoza anangoliyatsa liwiro. Munthu wosaopa kanthu uja analowa m'chimanga chikhoti chikuuluka, nsapato imodzi inatsala pa khomo, ina inakatsala m'matope. Aphunzitsi anatulukira kuseri akukupiza manja, akufuula kuti ndi sewero chabe, koma mawu awo ofatsa aja ndani akanawamva? Mwini kamera anathamangira khamulo, mimba ikugwedezeka.

Ine ndinaima pomwepo, diso lili pa kamera. Anandiuza kuti ndisadine batani pokhapokha atandiuza, ndipo palibe anandiuza. Ndinajambula zonse.

Anthu anakamugwirira wamtali kudambo, atatitimira m'matope mpaka m'mawondo. Mwamwayi amene anayamba kumufikira anali bambo wachikulire wosapupuluma, amene anamuvula magalasi naona kuti ndi mwana wa sukulu amene akungoti, "Pepani, pepani, ndi filimu, ndi filimu." Akapitawo anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kupepesa uku ndi uku. Anthu atamvetsa, kuseka kunabuka. Ena anagona pa udzu. Mayi wokuwa uja yekha ndiye sanaseke msanga. Anapita kwa mnzanga, namugwiragwira mapewa ndi mikono kuti aone ngati sanavulale, kenako anamuloza chala.

"Iwe mwana, kukuwa sikoseweretsa. Mtima wanga ukanaima ukanati chiyani?"

Mnzanga anagwada napepesa. Mayiyo anamuyang'ana, nayang'ana wamtali amene ankabwera wopanda nsapato, matope mpaka m'ntchafu, ndipo naye anaphulika kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Tonse tinakhala pansi pa khonde la chigafa. Mwini kamera anabweza tepi pang'ono kuti anthu aone, mmodzimmodzi, poika diso paja. Munthu akaika diso ankalumpha n'kufuula kuti waona mnzake. Batire inkatha, ine mtima uli m'mwamba, koma kuwakaniza sikukanatheka, poti tinali titawasiyitsa ntchito.

Womaliza kuona anali bambo amene anagwira wamtali kudambo uja. Anali mwamuna wa mayi wokuwayo, wa msinkhu wa bambo anga, woonda, wovala nkhwaira za tayala. Kayankhulidwe kawo kanali ka kumwera, ndipo tinamva pambuyo pake kuti kwawo kunali cha ku Phalombe. Anaonera nthawi yayitali, kenako anabweza kamera napukusa mutu.

"Mwajambula bwino, ana anga. Koma uyu akuyenda ngati wakuba nkhuku. Munthu woopsa sanyang'ama chotere, ndipo savala magalasi."

Wang'oma, ndi makani ake aja, anafunsa, "Nanga amatani, abambo?"

"Amabwera masana, ngati mlendo. Ine anandipeza kwathu ndikukhoma mpando. Anali awiri, ovala bwino. Anapereka moni kwa mayi anga, napempha madzi akumwa, n'kuthokoza. Kenako ananditchula dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe, n'kuti tiyeni tikacheze pang'ono, si patali ayi. Zonsezo chifukwa cha mawu amene ndinayankhula pamowa. Ndinabwerako dzinja litadutsa kawiri."

Ananena zimenezi mopanda kukweza mawu, ngati akukamba za mvula. Akazi awo anayang'ana pansi. Mwini kamera, amene ankaseka tsiku lonse, anali atasiya, akungogwedeza mutu pang'onopang'ono. Ife ana tinkamva ndithu kuti kale anthu ankatengedwa, koma sitinali titakhalapo pa mphasa imodzi ndi munthu wonena poyera kuti ine ananditenga.

Bambowo anatembenukira kwa ife. Anamenya bondo la wamtali nati, "Tadzuka, ndikuphunzitse. Zinapita zimenezo. Lero n'zopangira filimu."

Tinalowa m'chigafa. Fodya anali lendelende pamwamba pathu, fungo lake lotsamwitsa, kuwala kukulowa m'mizere. Bambowo anati mtsikana akalowa asapeze munthu akumuthamangira, koma amupeze atakhala kale m'katimo, akumudikira. Wamtali anakhala pa chitsa nayesa. Anangoti "Mwaswera bwanji," n'kuphulika kuseka. Anayesanso, zomwezo. Anthu odzaza pa khomo nawo ankamuseketsa. Mwini kamera anayang'ana kachizindikiro ka batire nati kwatsala mwayi umodzi wokha.

"Abambo, bwanji muchite ndinu?" anatero aphunzitsi.

Anakana kawiri. Akazi awo ndiwo anawakankha. Wamtali nkhope inagwa, koma tinamutonthoza kuti mapazi onse a m'filimu ndi ake, ndipo dzina la filimu likunena za iye. Anavula chikhoti napereka.

Ndinagwada pakona, ndinadina batani. Mnzanga analowa chothamanga, akupuma mwabefu, natsamira nsanamira ngati wapulumuka. Kenako mawu anamveka kuchokera mu mdima.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Ndinatembenuza kamera pang'onopang'ono. Bambowo anali atakhala pa chitsa, miyendo atapingasa, kuwala kutagwera theka la nkhope. Ankamwetulira mokoma, ngati amalume amene abwera ndi mphatso.

"Takhalani pansi, musaope. Kunyumba ali bwanji? Mwendo wa amayi anu uja unapola? Ndinawaona dzulo akuchokera ku chigayo. Tangondipatsani kanthu kali m'dengumo, kenako tiyende limodzi pang'ono. Si patali ayi."

Tinali titapangana kuti mnzanga akuwe, koma sanakuwe. Dengu linatsetsereka m'manja mwake n'kugwa. Anangoima, maso ali pa bambowo. Wang'oma naye anaiwala kumenya ng'oma. Ndinasendeza kamera pa nkhope ya mnzanga, ndipo ndikuyang'ana choncho, m'kati mwa kamera munada. Batire inali yatha.

Panapita kamphindi, kenako mayi wokuwa uja anaimba nthungululu pa khomo, anthu n'kuwomba m'manja. Bambowo anadzuka, navula chikhoti, n'kufunsa ngati pali wina waona khasu lawo. Magazi athu a mlombwa sanagwire ntchito. Botolo linali litagubuduka m'wilibala, ndipo ndinazindikira pobwerera kuti siketi yanga ya sukulu yafiira kumbuyo konse. Utomoni umenewo suchoka. Mayi anga anandikalipira sabata yathunthu.

Loweruka kunali ukwati uja. Lamulungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi, mwini nyumba ya kanema anatilola kuonetsa tepi yathu filimu yake isanayambe. Mbiri inali itawanda. Ana a sukulu anadzaza, ndipo matenanti a pa esiteti anabwera pa ngolo, atavala za kutchalitchi. Bambo aja ndi akazi awo tinawakhazika pa benchi ya kutsogolo. Mwini nyumbayo anabweza tepi mopitirira, choncho chimene chinayamba kuoneka ndi anthu osawadziwa akuvina perekaniperekani. Anthu anakuwiza, wina n'kufuula kuti filimu yoopsadi imeneyi.

Kenako katoni yathu inaoneka, ndi chala cha aphunzitsi. Kenako njira, chimanga mbali zonse, ndi zitunda zobiriwira kumbuyo. Apa panachitika chimene sindinkayembekezera. Anthu anaimirira.

"Si kwathu uko! Taonani phiri lija! Mtengo uwo ndi wa pa mphambano!"

M'bokosi limenelo tinkaonamo misewu ya eni, nyumba zosanja za eni. Palibe anaganizapo kuti chitunda chimene timakwera tsiku ndi tsiku chingalowemo, n'kuoneka chokongola chotero. Ine ndinali nditaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo m'maso munadzaza misozi.

Tayala la wilibala litayamba kulira, nsapato n'kuoneka, anthu anakhala pansi. Mayi wina anachenjeza mnzanga mokweza kuti acheuke. Mbali ya khamu lothamangitsa wamtali sitinaifafanize, poti batire sikanalola, choncho inalowa momwemo. Nyumba inagwedezeka ndi kuseka, aliyense wa pa esiteti akudziloza yekha. Koma nkhope ya bambo aja itaoneka mu mdima wa chigafa, phokoso linazima lokha. Achikulire ena anaweramitsa mitu. Mawu akuti si patali ayi atamveka, bambo wina pafupi ndi ine anapumira m'mwamba nati, "Ee, ankatero kumene."

Chithunzi chinazima. Anthu anadikira. Ataona kuti palibe chikubwera, chipwirikiti chinayamba.

"Yatha? Iyayi, pitirizani! M'envelopumo muli chiyani?"

"Nanga nsapato zija zapita kuti?" anafuula mnyamata wina wa Fomu 4. "Panja anavala zachikopa, m'kati wavala nkhwaira!"

Tinaonetsa katatu tsiku limenelo.

Lolemba aphunzitsi anatikhazika anayi tonse pansi pa mango, nati aliyense anene chimene chinayenda bwino, chimene chinalakwika, ndi chimene angasinthe.

Wamtali anayamba. "Ine madamu ndaphunzira ziwiri. Choyamba, tizipita kaye kukauza anthu eni malo, osadalira amalume a munthu. Chachiwiri, nsapato zobwereka si zothawira." Ina mwa nsapatozo inali isanapezeke, ndipo anali atalonjeza kukaifuna Loweruka.

Wang'oma anavomera, movutikira, kuti ng'oma yake inaphimba phokoso la mapazi pa njira. "Pamene panaopsa kwambiri ndi pamene ndinaiwala kuimba," anatero. "Koma musakauze anthu."

Mnzanga anati iye sanachite sewero m'chigafa muja. "Atafunsa za mwendo wa amayi, ndinaiwala kuti pali kamera. Amayi anga mwendo umawavutadi. Ndikudziwa kuti anangopeka, koma ndinaopa zenizeni."

Ine ndinaulula kuti malo awiri ndinadula mitu ya anthu, ndipo pojambula khamu lija kamera inkavina chifukwa ndinkaseka. Ndinatinso tikanaganizira za nkhwaira zija, ndikanajambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Aphunzitsi anafunsa chimene chinandisangalatsa. Ndinati zitunda. Anandiyang'ana, namwetulira.

Kenako anatifunsa funso limene tinalephera kuyankha bwino. Anati, kodi tinachita bwino kuwaika bambo aja pa kamera ndi nkhani yawo yowawa, anthu n'kumaonera pakati pa kuseka? Tinatsutsana mpaka belu linalira. Wang'oma ankati anavomera okha. Mnzanga ankati kuvomera pamaso pa khamu si kuvomera kwenikweni. Aphunzitsi sanagamule. Anangoti tikapite tikawafunse eni ake.

Tinapita Loweruka lotsatira, wamtali akufunanso nsapato ija, yomwe anaipeza galu ataitafuna lilime. Bambowo tinawapeza akupachika fodya. Titawafunsa, anaseka.

"Ana inu, zaka zonsezi nkhani imeneyi ndinkainong'oneza kwa mkazi wanga yekha. Lamulungu lija ndinaiona ili pa tebulo, anthu akuiona masana, ine nditakhala kutsogolo. Nditatuluka, bambo wina amene sindimudziwa anandigwira chanza osanena kanthu. Mukadzafuna gawo lachiwiri mudzandiitane. Koma ulendo uno ndidzavale nsapato."

Gawo lachiwiri silinajambulidwe. Mwini kamera anatanganidwa ndi maukwati, ife tinalowa Fomu 4 mayeso n'kutipanikiza. Koma anatumiza tepi ina yokopera kwa aphunzitsi, ndipo itafika, nyengo yogulitsa fodya itatha, anayi tonse tinanyamuka kukawauza bambo aja kuti akhoza kudzaonanso. Tinapeza kanyumba kawo kali pululu, chitseko atachotsa. Akapitawo anati banjalo linasamukira ku esiteti ina cha ku Kasungu, monga amachitira matenanti chaka chikatha. Sitinadzawaonenso.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Kenako wamtali ananena kuti palibe vuto, mbali ya bamboyo adzaitenga ndi iye, chifukwa tsopano anaiphunzira. Tinamutsutsa. Anati tione. Kutsogolo kwathu kunkabwera mayi wachikulire atasenza mtolo wa nzimbe. Wamtali anakonza kolala, naika manja kumbuyo, nafewetsa mawu mmene akanathera, diso lili pa ife kuti tione kuopsa kwake.

"Mwaswera bwanji, amayi? Kunyumba ali bwanji? Mwatopatu ndi katunduyu. Tiyende limodzi pang'ono."

Mayiyo anaima, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkhope yonse ikuwala.

"Koma ndiye mwana waulemu! Ndiwe wa kwa yani iwe? Ana a masiku ano sapereka moni chotere. Tandilandira, mwanawe, khosi landipweteka."

Anamusenzetsa mtolo wonsewo. Wamtali anaunyamula mpaka pa mphambano, kubwerera kumene tinkachokera, ife tikumutsatira kumbuyo titagwira pakamwa. Pamenepo mayiyo anasolola nzimbe ziwiri zazitali natipatsa, ndipo tinatafuna njira yonse mpaka ku Madisi.